Chikwangwani Chili Pakhomo, Nanga Mita Ikuti Bwanji?

Mu 2012 mzinda wa New York unatulutsa poyera manambala osonyeza mmene nyumba zake zikuluzikulu zamalonda zimadyera magetsi ndi mafuta. Lamulo la mu 2009 lotchedwa Local Law 84 ndi limene linakakamiza eni nyumbazo kuti azipereka manambalawo chaka ndi chaka. Anthu atawerenga, ena anagwira pakamwa. Nyumba ya 7 World Trade Center, yomwe inatsegulidwa mu 2006 ili ndi satifiketi ya LEED Gold yoti inamangidwa mosamala chilengedwe, inapeza 74 pa 100 pa sikelo ya ENERGY STAR, imene imapereka nambala yokwera kwa nyumba yosawononga magetsi ndi mafuta, pomwe kuti nyumba ipatsidwe chizindikiro cha ENERGY STAR pamafunika 75. Chrysler Building, nkhalakale ya mu 1930, inapeza 84. Empire State Building ya mu 1931 inapeza 80.

Sikuti nyumba yatsopanoyo inamangidwa moipa ayi. Nyumba zakale zija zili ndi makoma ochindikala ndi mawindo aang'ono, pomwe zatsopano zambiri ndi magalasi okhaokha, ndipo alendi ena amakhala ndi makompyuta ambirimbiri oyaka usana ndi usiku. Komabe manambalawo anaulula chinthu chimene amisiri oyang'anira nyumba ankachidziwa kale. Satifiketi yoperekedwa nyumba ikangomangidwa imanena zimene nyumbayo ingathe kuchita malinga ndi mapulani. Zimene ikuchitadi zimadziwika ndi mita basi. Popanda kuwerenga mita, chikwangwani chonyezimira chapakhomo chikhoza kukhala chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

N'chifukwa chake pali mtundu wina wa masatifiketi, woperekedwa kwa nyumba zimene zilipo kale ndipo zikugwira ntchito: maofesi, mahotela, nyumba zamasitolo, mosungira katundu. Masatifiketi amenewa safunsa kuti anajambula pulani ndani. Amafunsa mabilu a miyezi 12, kulemera kwa zinyalala, mpweya umene anthu akupuma mkatimo, ndiponso ngati makina akusamalidwa. Nkhaniyi ndi yaikulu ndithu. Bungwe la International Energy Agency limati kuyendetsa nyumba, kutanthauza kuziwalitsa, kuziziritsa, kuzitenthetsa ndi kuyatsa zipangizo zamkati, kumatenga pafupifupi 30 peresenti ya mphamvu zonse zimene anthu amagwiritsa ntchito padziko, ndipo kumatulutsa pafupifupi 26 peresenti ya mpweya woipa wochokera ku mphamvuzo. Nyumba zatsopano zomangidwa pachaka ndi zochepa poyerekeza ndi zimene zaima kale. Kugwetsa yakale kuti pamangidwe yamakono nakonso sikwaulere, poti simenti ndi zitsulo zatsopano zimatulutsa mpweya woipa wochuluka nyumba isanayake n'komwe babu limodzi.

Mayina a masatifiketiwa ndi angapo. BREEAM inayamba ku Britain mu 1990, ndipo mu 2009 anawonjezera BREEAM In-Use ya nyumba zogwira ntchito kale, imene imayang'ana padera nyumbayo ndi zipangizo zake, ndi paderanso kasamalidwe kake. Ku United States, bungwe la US Green Building Council linakhazikitsa LEED ya nyumba zakale mu 2004, imene lero imadziwika kuti LEED O+M. Imeneyi imayendera mapointi: 40 ndi Certified, 50 ndi Silver, 60 ndi Gold, 80 kupita m'mwamba ndi Platinum. Mu mtundu wake wa v4.1, mapointi 90 pa 100 amachokera ku zoyezedwa zenizeni, ndipo agawidwa chonchi: 33 a magetsi ndi mafuta, 20 a mpweya wamkati ndi kukhutira kwa anthu, 15 a madzi, 14 a mayendedwe a anthu obwera kuntchito, 8 a zinyalala. Satifiketiyo imatha pakapita zaka zitatu, ndipo manambala amayenera kutumizidwa chaka chilichonse. ENERGY STAR ndi yosavuta kumva kuposa onsewa: 50 ndiye kuti nyumba ili pakatikati pa zinzake zofanana nayo, 75 ndiye kuti ikuposa zitatu mwa zinayi zilizonse, ataganizira za nyengo, maola ogwira ntchito ndi chiwerengero cha anthu. Ku Australia kuli NABERS, imene imapereka nyenyezi mpaka 6 ndipo imatha pakangopita miyezi 12. Ku South Africa bungwe la Green Building Council South Africa lili ndi Green Star ya nyumba zogwira ntchito kale.

Koma mapepala tiwasiye kaye. Ntchito yeniyeni imayamba anthu akaweruka.

Sabata ili ndi maola 168. Maofesi ambiri amakhala ndi anthu maola 50 kapena 60, ndiye kuti pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nthawi nyumba imakhala yokha ndi mlonda. Mita yamakono imalemba magetsi mphindi 15 kapena 30 zilizonse, ndipo ukajambula manambalawo pa kompyuta umaona phiri masana ndi chigwa usiku. Funso loyamba la munthu wodziwa ntchito ndi lakuti chigwacho n'chakuya bwanji. Chikakhala chosazama, ngati usiku nyumba ikudya theka la zimene imadya masana, pali chimene chikuyaka popanda wochiyatsira.

Ndiye woyang'anira nyumba amatenga tochi cha m'ma 2 koloko usiku n'kuyenda ndi mlonda kuchokera pansi mpaka padenga. Pansanjika ina akumva kulira kuseri kwa chitseko cha chipinda cha makina. Atsegula, apeza fani yaikulu ikukankha mpweya wozizira kupita m'maofesi opanda munthu. Pa kompyuta yoyendetsa makina onse a nyumba, imene amisiri amangoti BMS, fani imeneyi ikuoneka kuti ndi yozima. Ayang'ana pabokosi la magetsi: switchi ili ndi malo atatu, Hand, Off ndi Auto, ndipo yaloza pa Hand, pamene fani imangoyaka osamveranso kompyuta. Mmisiri wina anaipotokolera pamenepo miyezi isanu yapitayo posintha lamba, anamaliza ntchito yake bwinobwino, n'kuiwala kuibwezera pa Auto. Kuyambira tsiku limenelo fani yakhala ikuzungulira usana ndi usiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Palibe anadandaula, chifukwa palibe chinawonongeka. Anthu amaimba foni kukatentha kapena kukazizira, koma sipapezeka mlendi woimba foni kuti magetsi akupita pachabe.

Zotere n'zambiri, ndipo zonse n'zazing'onozing'ono. Masiku a tchuthi sanalowetsedwe mu BMS, ndiye nyumba ikudzikonzekeretsa kulandira anthu amene sabwera. Sensa yoyeza kutentha inali pakhoma labwinobwino, kenaka alendi anaikapo makina okopera mapepala pansi pake, ndipo tsopano ikuuza makina kuti chipinda chonse chatentha. Anthu akuzizidwa, wina wabweretsa kahita n'kukabisa pansi pa desiki, ndiye nyumba ikulipira kawiri, kuziziritsa ndi kutenthetsa mpweya womwewo. Kachitseko kolowetsa mpweya wakunja kachita dzimbiri n'kuuma kali kotsegula. Kufufuza ndi kukonza zinthu ngati izi mwadongosolo, kuti makina agwirenso ntchito monga anayenera, amakutcha retro-commissioning. Kafukufuku amene Evan Mills wa ku Lawrence Berkeley National Laboratory anatulutsa mu 2009 anapeza kuti pa nyumba zakale zimene anaziunika, theka zinachepetsa mphamvu ndi 16 peresenti kapena kuposa, ndipo ndalama zinkabwerera patangopita chaka chimodzi ndi pang'ono. Apa sipanagulidwe makina akuluakulu atsopano. Ine ndimaona kuti mwini nyumba amene akuthamangira kuika masola padenga asanayendeko usiku m'nyumba yake akutungira madzi m'dengu.

Pali kalamulo kena ka mafani ndi mapampu kamene kamadabwitsa ambiri. Mphamvu imene fani imadya siyenda mofanana ndi liwiro lake. Ukachepetsa liwiro kufika pa 80 peresenti, mphamvu imatsika kufika pafupifupi pa theka, poti 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8 kuchulukitsanso ndi 0.8 ndi 0.51. M'mapaipi enieni phindu limachepako, komabe limakhala lalikulu. Nyumba zakale zambiri zili ndi mamota odziwa liwiro limodzi lokha, lothamanga, ndipo mpweya kapena madzi zikachuluka amangopana ndi valavu, ngati woyendetsa galimoto woponda mafuta ndi buleki nthawi imodzi. Kachipangizo kosintha liwiro la mota, kamene amisiri amakatchula kuti VSD, kamathetsa zimenezi. Koma kokha sikathandiza ngati wina wakatchera pa liwiro lonse n'kuchoka.

Kusamalira makina ndi kusunga magetsi ndi ntchito imodzi yomweyo, ngakhale m'mabuku a ndalama zimalembedwa m'mizere yosiyana. Sefa ya mpweya ikadzaza fumbi, fani imavutika kukoka. Timapaipi totulutsa kutentha pa eyakondishona tikakutidwa ndi fumbi, kompuresa imagwira ntchito yowirikiza kuti ipereke kuzizira komweko. Mkati mwa chiller, makina aakulu oziziritsa madzi amene amaziziritsa nyumba, madzi akasiya zoyera zolimba ngati za m'ketulo yakale, kutentha sikudutsa bwino. Osamala nyumba anzeru sasintha sefa pongotsatira kalendala, amayeza mmene mpweya ukuvutikira kudutsa, chifukwa sefa ya pafupi ndi msewu wafumbi siitha mofanana ndi ya pansanjika ya 20. Ndiye pali gasi woziziritsira, amene amathawa mwakachetechete. R-410A, yemwe ali m'maeyakondishona ambiri, kilogalamu imodzi ikathawira mumlengalenga imatenthetsa dziko mofanana ndi matani awiri a mpweya wa carbon dioxide. Mgwirizano wa Montreal wa mu 1987 unalamula kuthetsa pang'onopang'ono magasi owononga ozoni, mpweya wa kumwamba umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, ndipo zimene mayiko anawonjezera ku Kigali mu 2016 zikuchepetsa magasi a mtundu wa HFC ngati ameneyu. Mmisiri amene amangobwera kudzawonjezera gasi miyezi ingapo iliyonse osafufuza pothawira sakukonza kanthu. N'chifukwa chake oyesa masatifiketi amafuna kuona buku lolembamo gasi yense wowonjezeredwa.

Madzi ali ndi njira yake yophweka. Werengani mita potseka madzulo, muwerengenso m'mawa anthu asanafike. Ngati yayenda, pali podontha. Thanki ya chimbudzi yotaya lita imodzi pa mphindi imataya malita 1,440 patsiku, kuposa malita 500,000 pachaka, ndipo siimveka n'komwe chifukwa madziwo amangotsetsereka mwakachetechete m'mbale. Nyumba ya zimbudzi 200 ikhoza kukhala ndi zingapo zotere.

Apa pomwe pali msampha umene wofuna mapointi asaugwere. Mu 1976, anthu amene anapita kumsonkhano wa American Legion, bungwe la asilikali akale a ku United States, mu hotela ina ku Philadelphia anadwala chibayo choopsa, ndipo 29 anamwalira. Kachilombo kake anakatcha Legionella. Kamaswana m'madzi ofunda a pakati pa madigiri 20 ndi 45, makamaka ongokhala osayenda, ndipo kamalowa m'mapapo munthu akapuma timadontho ta madziwo kuchokera ku shawa kapena ku nsanja zoziziritsira madzi zimene zimakhala padenga. Tsono taonani: kuti usunge magetsi, nzeru yachidule imati tsitsa kutentha kwa giza, kuti usunge madzi, imati chepetsa madzi otaya pa nsanja yoziziritsira ndipo ika mipope yotulutsa pang'ono. Zonsezi zikachitika mosaganiza zimamangira kachilomboka nyumba. Madzi otentha amayenera kusungidwa pa madigiri 60, mipope yosagwiritsidwa ntchito imayenera kutsegulidwa nthawi ndi nthawi kuti madzi ayende, ndipo nsanja imafuna mankhwala ndi kuyezedwa. Pamenepa bilu ikakwera pang'ono, ikwere.

Mpweya nawonso chimodzimodzi. Njira yachangu yochepetsera magetsi ndi kutseka mpweya wakunja, poti ndi umene umafuna kuziziritsidwa kapena kutenthetsedwa. Mafuta atakwera mtengo mu 1973 nyumba zambiri zinachitadi zimenezo, ndipo m'zaka zotsatira madandaulo a mutu, maso oyabwa ndi kutopa anachuluka mpaka vutolo linapatsidwa dzina loti sick building syndrome. Panja mpweya uli ndi carbon dioxide wokwana pafupifupi 420 ppm, kutanthauza magawo 420 pa miliyoni. M'chipinda chamisonkhano chotseka chodzaza anthu nambalayi imakwera msanga, ndipo tulo ta masana timene timanamizira chakudya nthawi zina ndi mpweya wosasinthidwa. Yankho lake ndi sensa imene imatsegula mpweya wakunja anthu akachuluka n'kuchepetsa akatuluka. LEED O+M imafuna kuti mpweya wamkati uyezedwe komanso kuti anthu ogwira ntchito m'nyumbamo afunsidwe ngati akukhutira. Mbali imeneyi ndimaikonda chifukwa imatseka njira yachinyengo: sungapeze mapointi a magetsi pozunza anthu osataya mapointi a mpweya.

Za zinyalala, sopo wokolopera, mankhwala ophera tizilombo ndi kagulidwe ka mapepala sindichedwapo. Mfundo yake ndi yoti zinyalala ziziyezedwa pasikelo osati kungoyerekeza ndi maso, ndiponso kuti anthu okolopa, amene amadziwa bini iliyonse ndi mpope uliwonse wodontha, aziphunzitsidwa ndi kumvedwa. Kawirikawiri iwo ndi amene amaiwalika pamsonkhano wokonzekera satifiketi.

Chimene chimalepheretsa zambiri si umisiri, ndi funso loti alipire ndani, apindule ndani. Mwini nyumba ndi amene angagule chiller chatsopano, koma ngati alendi ndi amene amalipira magetsi, phindu likupita kwa iwo. Kumbali ina, ngati magetsi ali kale mu lendi kapena amagawidwa molingana ndi kukula kwa ofesi, mlendi wozimitsa magetsi ndi wosiya choyaka amalipira mofanana, ndiye avutikiranji? Njira zothetsera zilipo ziwiri zimene zimayendera limodzi. Yoyamba ndi mamita aang'ono pansanjika iliyonse kapena kwa mlendi aliyense, kuti aliyense aone chake. Yachiwiri ndi pangano la lendi lolembedwa mwatsopano, limene amalitcha green lease, lonena kuti mbali zonse zizigawana manambala a mita, maola amene makina aziyaka, ndi mmene ndalama zokonzetsera zibwererere kwa mwini kuchokera pa zimene zapulumutsidwa. NABERS inachita mwanzeru pamenepa: imatha kuyeza padera mbali ya mwini nyumba, monga zikepe, makina oziziritsa ndi magetsi a m'makonde, ndi padera mbali ya mlendi. Kuyambira mu 2010 lamulo la Australia limafuna kuti wogulitsa kapena wobwereketsa ofesi yaikulu aonetse nyenyezi zake poyera, ndipo mu 2017 malire anatsitsidwa kuchoka pa masikweya mita 2,000 kufika pa 1,000. Nyenyezi zikalembedwa pa chikwangwani chotsatsira malonda, mwini nyumba sachitanso kukakamizidwa kuti aziganizire.

Zing'onozing'ono zikatha m'pamene ndalama zazikulu zimayenera kutuluka, ndipo dongosolo lake n'lofunika. Empire State Building ndi chitsanzo chodziwika. Ntchito imene inalengezedwa mu 2009 inali ndi cholinga chochepetsa mphamvu ndi 38 peresenti. Mawindo ake 6,514 sanatayidwe: anawazula, n'kuwakonzanso m'kafakitale kamene anakakhazikitsa mkati mwa nyumba momwemo, n'kuwabwezera akutchinga kutentha bwino kuposa kale. Kuseri kwa zotenthetsera za m'makoma anaikako zotchinga kuti kutentha kusathawire panja. Popeza nyumba inali itayamba kufuna kuzizira kochepa, ma chiller akale anangowakonzanso m'malo mogula akuluakulu atsopano. Mu 2011 inalandira LEED Gold ya nyumba zakale. Akanayamba ndi kugula makina, akanagula aakulu kuposa ofunika n'kumawalipirira zaka makumi.

Masatifiketiwa ali ndi zofooka zake, ndipo si bwino kuzibisa. Nyumba imene ili pafupi ndi siteshoni ya sitima imakolola mapointi a mayendedwe amene woyang'anira sanakhetsere thukuta, pomwe ina yoyendetsedwa mwaluso koma ili kutali imawataya. Nyumba imene theka la maofesi ake mulibe alendi ikhoza kuoneka yosamala magetsi ngati manambala sanawongoledwe bwino. Pali alangizi ena amene luso lawo ndi kusaka mapointi otsika mtengo, osati kuchepetsa bilu. Ndalama zolembetsera, zolipira oyesa ndi nthawi yosonkhanitsa mapepala zimapangitsa kuti nyumba zazikulu za makampani olemera ndi zimene zimalowa, pomwe zapakatikati, zomwe ndi zochuluka ndipo mwina ndi zimene zimawononga kwambiri, zimatsala panja. Mwina n'chifukwa chake maboma ena asiya kudikira kufuna kwa mwini. New York inakhazikitsa Local Law 97 mu 2019, imene kuyambira mu 2024 imaika malire a mpweya woipa pa nyumba zambiri zoposa masikweya fiti 25,000, ndi chindapusa kwa wopyola. LEED nayo mu mtundu wake wa v5, umene unatuluka mu 2025, yaika patsogolo nkhani yochepetsa mpweya woipa.

Nanga n'chifukwa chiyani satifiketi imatha, osangopereka kamodzi? Chifukwa nyumba imabwerera m'mbuyo yokha. Sensa zimayamba kunama pang'onopang'ono. Mlendi watsopano amagwetsa khoma, n'kumanga lina pamene mpweya unkadutsa. Bwana wina amadandaula kuti akumva kutentha Loweruka lina, wina amasintha maola a makina kuti amusangalatse, ndipo maolawo amakhala choncho mpaka kalekale. Choopsa kwambiri ndi tsiku limene injiniya amene anakhala m'nyumbamo zaka 15 apuma pantchito, kapena kampani yosamalira makina isinthidwa chifukwa ina yatchula mtengo wotsika. Zonse zimene ankazidziwa, valavu iti imauma, pampu iti siyenera kuyaka limodzi ndi inzake, zimatuluka naye pageti ngati sizinalembedwe. Oyesa akabwera amafuna kuona zolembedwa zimenezi: ndondomeko ya maola a makina, kutentha kogwirizana, tsiku limene sensa iliyonse inayesedwa, ndi dzina la udindo umene umayang'ana manambala a mita mwezi uliwonse. Mu nyumba zina, pabokosi lililonse la magetsi amamatapo kapepala koti aliyense wopotokolera switchi pa Hand alembe tsiku, chifukwa chake ndi tsiku loibwezera, ndipo mlonda wausiku amapatsidwa mndandanda wa zitseko zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoti akamadutsa aziimapo kaye n'kutchera khutu.